Tsiku Limene Amayi Anabweza Mbale Zitatu

Kwathu munthu akakwiya sakuwa, amangokankha mbale. Amene anayambitsa khalidwe limeneli ndi amayi anga, ndipo mpaka lero palibe wowaposa. Bambo athu akadali moyo, akalakwa, amayi sankawatukwana ayi. Bambo akabwera ndi kansomba kapena mkate, amayi ankangoti, "Apatseni anawa, ine ndakhuta." Bambo ankatha masiku atatu akuzungulira nyumba ngati nkhuku yofuna poikira, mpaka apepese. Tinakula tikudziwa kuti ukakana chakudya cha munthu, wakana mwiniwakeyo.

Choncho mlongo wanga, mzime wathu, atasiya ntchito ya kumgodi, ine ndinadziwiratu chimene chikubwera.

Ntchitoyo anaipeza nthawi imene malasha anatchuka, aliyense wa kwathu ku Zóbuè akutsetserekera ku Moatize. Ankayendetsa chigalimoto chija chimene tayala lake lokha limaposa chitseko cha tchalitchi. Anajambulitsa chithunzi ataima pambali pa tayalalo, atavala chisoti, akuoneka ngati nyerere. Amayi anachikuta ndi pulasitiki n'kuchipachika pa benchi pawo pamsika wa kumalire, pamene amagulitsa tomato, kabichi ndi mbatatesi. Wogula aliyense, kaya ndi wapolisi kaya ndi mlendo wongodutsa, ankayamba waonetsedwa mwanayo asanapatsidwe tomato wake.

Anagwira zaka zinayi. Kenaka chifuwa cha fumbi chinayamba kumuvuta, komanso, kunena zoona, mtima wake unali kale kumiphika. Mwana ameneyu chiyambire ali wamng'ono ankakonda kukhala pamafuwa, mpaka anzake ankamuseka kuti adzamera mawere. Ndiye mayi wina wachimwenye wobadwira ku Beira, amene chibadwire sanalawepo nyama, anatsegula malo odyera m'mbali mwa msewu wopita ku Tete. Malowo anali a mabwana a kumigodi ndi alendo awo. Munalibe nkhuku, munalibe mbuzi, ngakhale kapenta. Zamasamba zokhazokha, timbale ting'onoting'ono tobwera motsatizana, kambale kalikonse ndi chakumwa chake. Mlongo wanga anayamba ndi kusenda anyezi. Pomatha chaka anali wachiwiri kwa mwini malo, ndipo zakudya zina ankazipeka yekha.

Nkhaniyi amayi anaimvera pamsika, zimene zinaipitsanso zinthu. Ananditumizira uthenga kuti ndipite. Nditafika ndinapeza chithunzi chija atachichotsa.

"Ndamva kuti wasiya galimoto kukatola chisoso," anatero. "N'zoona?"

"Akuphika, Amayi. Ndi ntchito yabwino."

"Ndakufunsa kuti n'zoona?"

Kuyambira mwezi umenewo, shuga ndi mafuta zimene mlongo wanga ankatumiza zinayamba kubwerera. Ankapatsira motolisita, woyendetsa shapa, minibasi yathu ija yoyenda pakati pa Moatize ndi Zóbuè, bambo wina wa mimba yaikulu wa kutchalitchi kwathu. M'mawa katundu ankakwera phiri, madzulo ankatsika momwemo, mfundo yake osamasulidwa. Mwezi ndi mwezi, chaka ndi theka. Motolisitayo anafika pondiuza kuti, "Pulofesora, shuga ameneyu akuudziwa msewu kuposa kondakitala wanga." Ndinaseka, koma mumtima munkandiwawa. Mlongo wanga ankalandira phukusilo, mwezi wotsatira n'kutumizanso.

Musawaone ngati ouma mtima amayi anga. Chisoso chili ndi mbiri kwathu. Nthawi ya nkhondo tinathawira tsidya la malire, ku Malawi, ine ndili ndi zaka khumi, iye ali kumbuyo. Kumsasa ankatipatsa ufa ndi nandolo, koma nandolo ankatha mwezi usanathe. Zikatero amayi ankalowa m'minda ya eni, mmene chisoso chimangodzimerera, n'kumatola. Eni minda ena ankawaseka kuti othawa nkhondo akupalira ulere. Tinadya chisoso mpaka lilime linachita dzanzi. Tsiku limene tinabwerera, titangowoloka malire, amayi anatula mtolo pansi nalumbira pamaso pa tonsefe kuti mwana wawo sadzadyanso udzu. Nditatero mwamvetsa chimene chithunzi cha tayala chija chinali kwa iwo.

Ine ndimaphunzitsa ana a kalasi yachitatu ku Moatize, ndipo kuleza mtima kwanga konse kumathera m'kalasi. Mlongo wanga atandiuza kuti mwini malo amalola wophika aliyense kuitana abale ake kamodzi pachaka, masana a Lamulungu, sindinamufunse maganizo ake. Loweruka ndinakwera shapa.

"Amayi, mawa mukadya chakudya cha mwana wanu."

"Ndili ndi tomato wofuna kuwola."

"Awole. Mukafa musanalawe chakudya chake, ine pamaliro anu ndidzangokhala phee ngati mlendo. Mundimve bwino."

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Pakamwa apa unatengera azakhali ako," anatero, n'kulowa m'nyumba. Usiku umenewo sanadye. Anati m'mimba simuli bwino. Ine ndinati mumtima, basi, ayambapo.

M'mawa anatuluka atavala kapulana, chitenje chawo chatsopano cha chigwirizano cha amayi a kutchalitchi, duku lomanga bwino, ndipo m'khwapa anali atapanira tambala wofiira, miyendo yomanga ndi luzi.

"Ameneyo akupita kuti?"

"Kwa mwini wake. Munthu wogwira ntchito pamalo opanda nyama ukuganiza ali ndi magazi?"

"Amayi, kumeneko nkhuku siilowa."

"Ikaima panja."

Tinatsika phiri. Amene anayendapo msewu umenewu akudziwa kuti umachoka ku Zóbuè utafunda nsalu, pofika ku Nkondezi wavula, pofika ku Moatize ukufuna kuvula ndi khungu lomwe. Magalimoto a malasha ankatidutsa, fumbi lakuda n'kumalowa pawindo. Tambala anayasamula kukamwa. Amayi ankamupatsa madzi pachikhatho, iwo osamwa. Njira yonse sanatchule mwana wawo ngakhale kamodzi.

Pachipata tinakumana ndi mlonda, mdala wa ku Malabwe amene munda wake unalowa m'mgodi. Ataona tambala anagwira pakamwa.

"Mama, ameneyu muno ndi mlendo woyamba wa mtundu wake."

"Mumuike pamthunzi. Ndipo ndamuwerenga nthenga."

Mdalayo anaseka mpaka kutsokomola, n'kumumangirira pansi pa mtengo wa nimu.

M'kati munali kuzizira. Mawindo anali otseka chifukwa cha fumbi, makina a mphepo akulira chapansipansi. Amayi anati, "Kuzizira kwa kwathu anakubweretsa kuno," ndipo ndi mawu okhawo abwino amene ananena. Mameza anali khumi ndi awiri, oyala nsalu zoyera. Panali azungu a ku Brazil, amwenye ndi ana awo, ndi anzathu akuda ovala malaya a mabwana. Pamalo pa munthu mmodzi panali makopo asanu a galasi, ena a miyendo yaitali, ndi mipeni ndi magalufu, mafoloko aja, zondanda mbali zonse ngati zida za kuchipatala. Kumapeto kwa chipindacho kunali windo lalikulu loonetsa ku kozinya, kophikira. Ndinamuona mlongo wanga mmenemo, atavala zoyera ndi chipewa chachitali. Anakweza dzanja pang'ono. Amayi anayang'ana kudenga.

Wotisamalira anali mayi wachitsikana wa ku Mithete, wolankhula Chinyungwe chosakaniza ndi chathu, amene ntchito yake inali ya zakumwa. Anayamba ndi kutipatsa kansalu konyowa, kozizira, kokulunga bwino, akukagwira ndi kachitsulo kopanira. Ine ndinali nditaonapo zimenezi paukwati wina ku Tete, ndiye ndinapukuta m'manja monyadira. Amayi anakatambasula, napukuta kumaso ndi m'khosi, kansaluko n'kuda bii. Anakapinda bwinobwino n'kubweza. Kenaka anaika manja pamiyendo.

Mbale yoyamba inafika. Mbaleyo inali yaikulu, koma chakudya chake chinali choti mwana angachibise m'chikhatho. Tinali timagawo ta mbatata topyapyala, tokazinga mpaka kuuma, tosanjikiza ndi chipere cha nyemba, pamwamba katsamba kamodzi. Mayi wa zakumwa anathira madzi a bwemba ozizira, othira jinja, nafotokoza kuti kuwawasa kwa bwemba kumadzutsa lilime kuti limve nyemba. Ine ndinati ee, zoona, ngati ndimadziwa. Ndinaluma. Amayi anga ine! Mbatata yomweyi imene timaotcha paphulusa inaphwanyika mkamwa ngati chiwamba, chipere chili see, ndipo bwemba atabwera pambuyo pake ndinamvadi nyemba kachiwiri. Ndinatembenuka kuti ndiwauze amayi.

Manja anali pamiyendo. Mbale ili chikhalire.

"Idyani, Amayi."

Anayang'ana ku windo lija kamodzi, n'kubwezanso maso. Patapita nthawi mayi wa zakumwa anabwera, naima pang'ono, nafunsa chapansipansi ngati angachotse. Manja a amayi sanasunthe, ndiye anachotsa. Ndinaitsatira mbaleyo ndi maso mpaka inalowa ku kozinya. Mlongo wanga anaiyang'ana, naiika pashelefu pamwamba, n'kutembenukira kumoto.

Yachiwiri inali ya bowa wootcha pamakala, wodula mokhuthala ngati nyama, atagona pamsuzi wa tomato wofiira kwambiri. Chakumwa chake chinali vinyo woyera wa kutali, amene dzina lake linandipita. Fungo la utsi linafika mbale isanatere. Ndinamva ndi makutu angawa m'mimba mwa amayi mukulira. Koma manja ali pompo.

Apa ndinachita chinthu chopusa. Ndinadya bowa wanga msangamsanga, ndipo mayi wa zakumwa atatembenuka, ndinayesa kusinthanitsa mbale, kuti yawo ndidye ine, mlongo wanga aone zonse zabwerera zopanda kanthu. Amayi anandimenya padzanja, phaa, ngati ndili ndi zaka zisanu.

"Siya. Si yako."

Nditakweza maso ndinapeza mlongo wanga akutiyang'ana pawindo. Anaona zonse. Mbale itabwerera, anavula chipewa chija, napukuta pamphumi ndi mkono, nakhala nthawi atagwira m'mphepete mwa meza yophikira, mutu uli pansi. Mwini malo anamugwira paphewa. Ine manyazi ndi mkwiyo zinandikwera pamodzi. Ndinamwa vinyo wanga yense, n'kumwanso wa amayi. Umenewo sanandiletse, popeza iwo samwa.

Yachitatu inali msuzi wa dzungu, wachikasu, pakati pake ataikapo duwa la dzungu lokazinga ndi nthanga zosinja. Mayi wa zakumwa anathira chinthu choyera m'kopo la mwendo wautali, nati ili ndi thobwa la mapira, losefa katatu, lozizira. Anandinong'oneza, akunditcha Mana monga timaitanira achemwali kuno, nati, "Mana, kodi Mama sakukonda chakudyachi? Shefe, mlongo wanuyo, akufunsa ngati pali chimene sadya." Ndinati ndisiyeni kaye. Anadikira, anadikira, mpaka msuzi unachita khungu pamwamba. Nayonso inapita.

Pamenepo vinyo uja anali atafika pamalo pake. Ndinakokera mpando pafupi ndi amayi.

"Amayi, mwabwera kudzamupha mwanayu? Ngati simunafune kudya mukanatsala ndi tomato wanu. Chaka ndi theka mukubweza shuga, sizinakwane? Mpaka mumuchititse manyazi pamaso pa bwana wake? Taonani mmene waimira apo!"

Ndinkayesa kunong'ona, koma kunong'ona kwa mphunzitsi kumamveka kuseri kwa sikolo. Mzungu wa pameza yoyandikana anasiya kutafuna.

Amayi anatembenuka pang'onopang'ono. M'maso mwawo munali misozi, chinthu chimene ndinachiona komaliza pamaliro a bambo.

"Ndidye bwanji?"

"Ndi pakamwa, Amayi!"

"Ndi manja awa?" Anawatulutsa pansi pa meza n'kuwatambasula. "Agwira nkhuku. Agwira zitsulo za m'shapa. Nyumba ino ilibe mwana wothira madzi?"

"Kansalu kaja kanali ka m'manja."

"Kaja n'kopukutira thukuta. Munthu amasamba ndi nsanza?"

"Nanga magalufuwa? Muno amadyera zimenezi."

"Chitsulo n'chodyera kwa alendo. Chakudya cha mwana wanga ndichitose ndi chitsulo ngati ndikuchiopa? Dzulo ndagona ndi njala kuti ndidzadye bwino. Ndafika, akungondionetsa n'kuchotsa, kundionetsa n'kuchotsa. Madzi osabwera. Iye ali apo akundiyang'ana. Ndiye ndati, chabwino, akundibwezera za shuga zija. Ndinalakwa ndine. Ndikhala mpaka amalize."

Mayo ine. Kwathu chakudya chikhoza kukhala patsogolo pako, koma sichinaperekedwe mpaka madzi atabwera. Ndipo m'nyumba mwathu wothira madzi anali mmodzi. Kuyambira kumsasa kuja, atangoyamba kuyenda bwino, ntchito ya mzime inali kunyamula kachitini ndi kabeseni, kugwada, n'kuthira amayi m'manja. Ngakhale tsiku loti ndiwo ndi chisoso chopanda mchere, amayi sankayamba kudya iye asanathire. Ankati tasauka zinthu, sitinasauke mwambo. Ine amene ndinakulira momwemo ndinali nditakhala apo ndi kansalu kanga, ndikudziona wotsogola, ndikukalipira mayi wanjala.

Ndinanyamuka. Mpando unagwa, sindinautole. Ndinakankha chitseko cholembedwa kuti olowa ndi antchito okha. M'katimo munali kutentha, anthu asanu ovala zoyera, onse anaima.

"Madzi, chitsiru iwe!"

"Mana?"

"Madzi a m'manja! Akudikira iwe. Akuyesa ukuwalanga. Tonse awiri ndife zitsiru, koma iwe ndiwe chachikulu chifukwa ntchitoyo ndi yako."

Anandiyang'ana kukamwa kuli yasa. Kenaka nkhope yake inachita zimene inkachita ali mwana akafuna kulira koma akuopa kusekedwa. Anatenga mbale yaikulu yachitsulo imene amakandiramo ufa, naitsuka. Anatenga jagi, nathiramo madzi a pampopi, nawonjeza otentha a m'ketulo, nayesa ndi chala. Amayi sakonda madzi ozizira m'manja chifukwa cha nyamakazi, ndipo iye anakumbukira. Anakoleka kansalu koyera paphewa. Mwini malo, mayi wamfupi wa imvi, anafunsa m'Chipwitikizi chimene chikuchitika. Ndinamufotokozera m'mawu atatu. Iye anapita yekha kukagwira chitseko.

Mlongo wanga anadutsa pakati pa mameza onse aja, mutu uli pamtunda, wopanda chipewa. Atafika anagwada pansi, mawondo onse awiri, ndi zoyera zakezo. M'chipinda monse munangoti zii, kumangomveka makina a mphepo.

"Sambani, Amayi."

Amayi anatambasula manja pamwamba pa mbaleyo. Iye anathira pang'onopang'ono. Anasamba ngati alibe kopita, chala chimodzichimodzi, kuseri ndi kutsogolo, mpaka m'zikhadabo. Madzi otsikira m'mbale anali akuda ndi fumbi la mumsewu. Jagi itatha anapukuta ndi kansalu ka paphewa pake, ndipo asanabweze anamuyang'ana kumaso koyamba pa chaka ndi theka.

"Waonda," anatero.

"Ndanenepa, Amayi. Chifuwa chinatha."

"Ndati waonda. Zija munachotsa zija zili kuti?"

"Ndasunga. Koma zazizira, ndikonza zina."

"Ubweretse zomwezo. Chakudya sichitayidwa chifukwa cha uchitsiru wa anthu."

Sanamvere zonse. Mbatata anabweretsa yomweyo, koma bowa ndi msuzi anakonza zatsopano, n'kunama kuti wangotenthetsa. Mayi wa zakumwa anayambiranso pachiyambi, tsopano akumwetulira mpaka m'makutu, akufotokoza chakumwa chilichonse m'chinenero chathu. Amayi anadya ndi zala. Mbatata anati yauma bwino koma yachepa, kodi munda unapsa? Bwemba anamwa n'kutsinzina, nati, "Uyu ndi wa kuchigwa, wa kwathu safika apa." Bowa anadya osalankhula, msuzi wake n'kuusesa ndi chala. M'malo mwa vinyo anawapatsa madzi a ndimu ndi uchi. Msuzi wa dzungu ananyamula mbale n'kumwera momwemo, ndipo ndinaona mwana wachimwenye pameza ina akuchita chimodzimodzi, mayi ake akumuletsa. Pa thobwa ndi pamene anadandaula.

"Mwalisefa mpaka latha ulemu. Thobwa lopanda masese n'lotani?"

"Mwatero, Mama," anatero mayi wa zakumwa. "Nanenso ndimawauza."

Koma analimaliza, n'kupempha lina.

Mbale yachinayi anabweretsa mlongo wanga mwini. Pansi panali kansima ka mapira, kozungulira ngati dzira. Pamwamba pake panali ndiwo zobiriwira kwambiri, zotendera, ndi timaluwa tiwiri toyera tokhala ndi chikasu pakati. Timaluwa timeneto aliyense wopalira m'munda amatidziwa. Chakumwa chake chinali cha masau, chofiirira, chowira pang'ono, chonunkhira ngati msika wa Moatize m'chilimwe.

Amayi anayang'ana mbaleyo nthawi yaitali. Ndinaona dzanja lawo likupita m'mphepete mwa mbale, pomwe amagwira akafuna kukankha.

"Ichi n'chisoso," anatero.

"Inde, Amayi."

"Anthu onsewa akudya chisoso?"

"Ena amabwerera chomwechi. Ndimaphika mmene munkaphikira. Kuwiritsa, kutaya madzi oyamba, chidulo cha zitsononkho, nsinjiro pomaliza."

"Nsinjiro tinkazipeza kuti? Kamodzi pamwezi."

"Ndimakumbukira tsiku la kamodzilo."

Amayi anapukusa mutu. "Ine ndinkaphika ndikulira. Ndinkatembenukira kukhoma kuti musaone."

"Ife sitinkadziwa," anatero mlongo wanga. Anali atanjuta pambali pa mpando wawo. "Ine ndinkayesa ndi chakudya cha mafumu. Tinkalimbirana kunyambita mphika ndi Mana, mwaiwala? Chinthu choyamba chokoma chimene ndinachidziwa padziko pano ndi chimenechi, Amayi. Galimoto ija aliyense angathe kuyendetsa. Ichi munandiphunzitsa ndinu."

Dzanja lija linachoka m'mphepete mwa mbale. Anatema kansima, nakaumba ndi zala, nasusa. Anatafuna pang'onopang'ono, akuyang'ana nsalu ya pameza. Anamwa za masau pang'ono. Anatemanso. Ine chisoso changa ndinachidya ndi misozi, sindingakuuzeni bwino kukoma kwake, koma ndikukumbukira kuwawa kwake kwa patali kuja, ndi mmene masau ankakufewetsera. Amayi atamaliza anapukuta mbale ndi chala mpaka inawala, natola timaluwa tija n'kutimanga pakona ya kapulana.

"Chisoso ichi wathyola chokalamba," anatero. "Ndipo ndi cha m'fumbi."

"Ndimagula kwa amayi ena a kumtsinje."

"Akukupusitsa."

Chomaliza chinali malambe oundana ngati ayezi, ndi tiyi wa udzu wa ndimu. Amayi anati mano akuwawa, koma sanasiye ngakhale pang'ono. Mwini malo anabwera kudzawapatsa moni, ndipo awiriwo anagwirana manja nthawi yaitali, wina akulankhula Chipwitikizi wina Chinyanja, onse akuvomerana. Potuluka tinapeza mlonda akumupatsa tambala nyenyeswa za mkate. Amayi anamumasula pamtengo n'kumupereka kwa mwana wawo.

"Ukadyere kunyumba. Bwana wako asaone, angadwale."

Mlongo wanga anaima pachipata ndi zoyera zake, mawondo ali ndi zipsera ziwiri za dothi, tambala ali m'khwapa. Chithunzi chimenecho ndinajambula ine pafoni, ndipo ndi chimene chili pa benchi ya amayi lero, chokutidwa ndi pulasitiki. Ogula ena amafunsa ngati mwanayo amagulitsa nkhuku.

Mwezi utatha mlongo wanga anatumizanso shuga ndi mafuta monga mwa nthawi zonse. Madzulo ake ndinapita naye pamalo oimira shapa, chifukwa ankaopa kupita yekha. Shapa inafika, anthu anatsika, ndipo motolisita uja anatuluka ndi phukusi. Ndinaona mlongo wanga mapewa akugwa. Koma phukusilo silinali lija. Linali thumba la ufa lakale, lonyowa, lomanga ndi luzi. Anamasula pomwepo. Munali chisoso chanthete, nsonga zokhazokha, chothyola m'mawa chisanachite maluwa, chokutidwa ndi masamba a nthochi kuti chisafote ndi kutentha.

"Shuga watsala kumtunda," anatero motolisitayo. "Ndipo akuti ndikuuze kuti Lachisanu lililonse uzidikira thumba. Atolera okha, m'munda mwa eni, anthu akuona."